Diresi la Anabanda ku Dubai

Ngwe, ngwe, ngwe. Supuni yaitali ikugunda m'mbali mwa jagi yagalasi, ayisi akuzungulira pansi. Mukandifunsa kuti ku Dubai kunkamveka chiyani, ine ndiyankha zimenezo. Ena amene anapitako adzakuuzani za ndege, za makina okweza simenti kapena za kuitana kwa kumzikiti. Zonsezo zinaliko. Koma ine nthawi yambiri ndinali kukhitchini, ndipo kukhitchini kumamveka supuni.

Iwe Tadala, ika foniyo pansi, sithawa. Nawenso Chisomo leka kukhutchumula botololo. Papepala pakepo alemba kuti mandimu, koma ndimu silinapondemo m'menemo. Ndikanakhala ine ndimu ndikanakadandaula kuboma.

Madzi a mandimu enieni ndinaphunzira kwa agogo anga, Anabanda, amene anandilera ku Thyolo. Bambo ndi mayi sindiwakumbuka nkhope. Ndisanafike kwa Anabanda ndinayamba ndazungulira m'nyumba za achibale, kuno mwezi, uko nyengo ya mvula, ndipo m'nyumba za eni mwana wamasiye amaphunzira kuyang'ana kwambiri n'kulankhula pang'ono. Mawu akuti ayi ndinawataya m'nyumba zimenezo. Mpaka lero ndikafuna kukana chinthu ndimayamba ndatsokomola.

Ana inu mumaganiza kuti agogo onse akale ankakamba nthano. Anabanda ayi. Tinkakhala awiri pakhonde, chete, ngati anthu odikira basi. Ali mtsikana ankachapa m'nyumba ya mzungu wa pa esiteti ya tiyi, ndipo kumeneko n'kumene anaonera dona, mkazi wa mzunguyo, akukonza chakumwa chimenechi. Ndimu ankayamba aligudubuza pathebulo ndi chikhatho kuti lifewe. Makoko ankawapekesa ndi shuga mpaka shugayo achite chikasu. Kufinya kunali kwa manja, nthangala ankasefa ndi kansalu, madzi ankatunga mumtsuko wa pakona, kenako timchere pang'ono, tongotsina ndi zala. Jagi yathu inali yachitsulo, yosupuka utoto, ndipo supuni ikagunda inkalira ngati belu la mbuzi.

Dona uja pobwerera kwawo anawasiyira diresi. Linali lachikasu chozilala, la timaluwa toyera, lokhala ndi kolala yozungulira ndi mabatani okutidwa ndi nsalu kuchokera pakhosi mpaka m'chiuno. Kenako kunabwera lamulo lakuti diresi liziphimba mawondo. Inde, Tadala, mawondo anali mlandu. Anabanda anali wamtali, ndipo diresilo linkathera pomwe mlandu unkayambira. Choncho anang'amba kansalu pa chitenje chawo cha buluu, kotambalala ngati chikhatho, n'kukasokerera m'munsi kuzungulira diresi lonse. Anasoka ndi manja, ndi ulusi wakuda, poti ndi umene unalipo. Msoko wake unali wokhotakhota ngati pamene padutsa nkhuku.

Diresi limeneli linkatuluka m'chilimwe mokha, Lamulungu. Tikabwera kutchalitchi, dzuwa la Okutobala likuswa mutu, Anabanda sankavula. Ankapita kumtengo wa kuseri, n'kubwera ndi mandimu m'manja, n'kuyamba ntchito ija atavala chomwecho. Tikamamwa ankandiyang'ana n'kuti, "Shuga wachuluka." Imeneyo inali nkhani ya sabata yonse.

Anamwalira ine ndili wamkulu kale, ndikugwira ntchito yophika ku Blantyre. Tsiku logawa zovala, azakhali anayala mphasa n'kuunjikapo zitenje, maduku ndi mabulauzi. Amuna tinali patali, poti sizinali zathu. Ine ndinanyamuka, ndinapita pamphasapo, n'kutola diresi lija. Azakhali ena anafunsa ngati ku Blantyre amuna ayamba kuvala zotere. Anthu anaseka pamaliro. Ine ndinangolipinda n'kuliika m'sutikesi.

Bwana amene ndinkamuphikira ku Blantyre anali injiniya, mzungu wosakwatira, wodya chilichonse chimene chaikidwa patsogolo pake. Atasamukira ku Dubai ananditumizira mapepala kuti ndimutsatire. Zimenezi zinali chaka cha 2000 chitangodutsa kumene. Nditatuluka pabwalo la ndege kunali kotentha moti ndinaganiza kuti ndaima pafupi ndi injini. Ndinasuntha. Injiniyo inanditsatira, ndipo inakhala nane zaka zonse zimene ndinakhala kumeneko.

Dubai wa nthawi imeneyo si uyu wa m'mafoni mwanu. Chinyumba chachitali chija mumandionetsa kunalibe, pamalopo panali mchenga. Sitima yoyenda m'mwamba kunalibe. Ku Marina, kumene Bwana ankagwira ntchito, kunali chidzenje chachikulu cha madzi ndi makina ambirimbiri oima ngati akakowa. Amalawi tinali ochepa moti ukamva munthu akulankhula Chichewa m'basi unkatsika pamene iye watsika, ngakhale sikwanu. Ife tinkakhala ku Jumeira, kufupi ndi nyanja, m'nyumba ya mpanda woyera. Chipinda changa chinali kuseri, ndi kamakina koziziritsa mpweya pawindo, eyakoni, kamene kankatsokomola ngati nkhalamba ya fodya.

Ndinapezanso kuti Bwana anakwatira. Madamu anali mzungu wa kwawo komweko, wansangala, woyenda mothamanga ngakhale popita kukakhala pansi. Ku Malawi anali asanafikeko. Ntchito yake inali yoitanitsa madiresi akale m'makatoni kuchokera ku Ulaya n'kumagulitsa kwa anzake. Tsiku loyamba nditaona makatoniwo ndinati mumtima, kaunjika wafika mpaka kuno. Koma Madamu anati dzina lake ndi vinteji. Nditayang'anitsitsa ndinaona kusiyana kwake. Kaunjika amamuunjika pansi. Vinteji amamupachika, amamuthira perefyumu, ndipo akamanena kuti mwini wake anamwalira kalekale mtengo umakwera.

Wochapa ndi kusita madiresiwo anali mtsikana wa ku Chipata, dzina lake Esinati. Inde, yemweyo. Amene ali kuseriko akusankha nyemba zimene anasankha kale m'mawa. Musamuitane, akumva bwinobwino. Nthawi imeneyo sitinali kanthu. Iye ankanditchula kuti a Nyasalande, ndipo ankati chilowereni m'nyumbamo anamva mawu ambiri kuchokera kwa firiji kuposa kwa ine.

Madzi a mandimu ndi amene anandikhazika pantchito. Kuphika kwanga Madamu ankati n'kwa mafuta ambiri, koma tsiku lina kutatentha ndinamukonzera jagi imodzi monga ankachitira Anabanda, ndipo kuyambira pamenepo sanagulenso za m'mabotolo. Mandimu akumeneko anali osalala, onyezimira, lililonse ndi kapepala kake komata ngati lili ndi pasipoti. Mnzanga wina wa m'sitolo anandiphunzitsa kuponyamo timasamba tonunkhira totchedwa nana. Anabanda akanati n'kudetsa madzi, koma ndinaponyamo.

Tsono kutentha kwa kumeneko kuli ndi madzi. M'miyezi ya Julayi ndi Ogasiti mpweya umanyowa, magalasi amatuluka thukuta, nsapato zimamera nkhungu zili m'kabati. Tsiku lina ndinatsegula sutikesi n'kumva fungo. Ndinatulutsa diresi lija, ndinalikung'untha, n'kuliyanika pachingwe cha kuseri, pamthunzi, kuti lipitidwe mphepo. Madamu kuseriko sankafikako. Tsiku limenelo anafika, akufunafuna mphaka.

Anaima. Analigwira kolala, analitembenuza, anawerenga kachikwangwani ka kukhosi, n'kugwira pamtima. Anayamba kulankhula mothamanga, ndipo zimene ndinatolapo n'zakuti diresilo linali la zaka za m'ma fifite, kuti mabatani onse analipo, kuti lotere anali atalisaka nthawi yaitali. Anafunsa kuti ndi la ndani. Ndinati la agogo anga, anamwalira. Anapepesa mochokera pansi pa mtima, koma dzanja silinachoke pa kolala. Kenako anandiuza kuti Lachinayi la sabata yotsatira kudzabwera azimayi kudzagula madiresi a chilimwe, ndipo anafunsa ngati angaliike limeneli patsogolo pa onse. Anati ndalama zimene lidzagulidwe zidzakhala zanga.

Apa mvetserani, chifukwa inu ana a masiku ano ayi mumangomutaya ngati khoko la nthochi. Kwathu ukapeza anthu akudya n'kukuuza kuti karibu, umagwira manja n'kunena kuti zikomo, n'kumapitirira ulendo wako. Palibe amene amakutengera madzi osamba m'manja. Zikomo ameneyo ndi ayi wovala jekete. Zikomo yemweyo umanena polandira chinthu, podutsa pakati pa anthu, potsanzika, ngakhale munthu akakuponda phazi. Womva ndi amene amadziwa kuti ndi uti. Ine m'mutu mwanga ndinakonza zikomo wokana uja, ndinagwira manja, ndinawerama pang'ono, ndipo pakamwa anatulukira m'Chingerezi.

"Thenkyu, Madamu."

Madamu anati iye ndiye woyenera kuthokoza. Anachotsa mapegi, n'kulowa nalo m'nyumba. Mphaka uja anamuiwala.

Bwana akanakhalapo akanamva, chifukwa ku Blantyre anali atazolowera thenkyu wanga wa mitundu yonse. Koma mwezi umenewo anali kudziko lina ndi ntchito. Ndinatsala ndi chingwe ndi mapegi.

M'mawa mwake ndinaganiza zokonza zinthu. Ndinaima pakhomo la chipinda cha madiresi n'kutsokomola. Madamu anatembenuka, anandionetsa diresi lija ataliveka chidole chachikulu chopanda mutu, ndipo ananena kuti sanagone ndi chimwemwe, kuti anali atauza kale anzake patelefoni. Anafunsa ngati ndimafuna kanthu. Ndinayang'ana chidolecho, ndinayang'ana Madamu. Ndinakumbukira kuti chipinda, chakudya ndi chitupa chokhalira m'dzikomo zonse zinali za nyumba imeneyo. Ndinafunsa ngati masana adzadye nsomba.

Esinati anaona zonsezi ali pa ayironi. Atandipeza kukhitchini anandifunsa ngati diresilo ndinaperekadi ndi mtima wanga. Ndinamufotokozera za Anabanda, za Lamulungu, za mphasa ya azakhali. Inali nthawi yoyamba kundimva ndikulankhula motalika, moti anayang'ana firiji kuti atsimikize. Atamva anapukusa mutu.

"Manje imwe a Nyasalande, nikakambe nawo ine a Madamu? Ine siniopa."

Mtima wanga unakhala pansi. Ndinagwira manja.

"Zikomo."

Anandiyang'ana kwakanthawi, anati chabwino, n'kubwerera ku ayironi yake.

Sabata imeneyo ndinaidikira ngati munthu amene wabzala. Esinati akalowa kwa Madamu ine ndinkasiya mpeni n'kutchera khutu. Ankakamba za sopo, za mahang'ala, za batani limene lasowa pa diresi lina lobiriwira. Ndinkati akusaka nthawi yabwino. Akatuluka ndinkamuyang'ana, iye n'kundiyang'ana, n'kudutsa. Kumufunsa sindinamufunse, poti munthu amene wadzipereka kukuthandiza sumuthamangitsa. Ndinkangomuikira tambula ya madzi a mandimu pambali pa ayironi, yodzadza kuposa masiku onse. Ankamwa yonse.

Lachinayi linafika. Kumeneko nthawi imeneyo Lachinayi linali ngati Loweruka la kuno, musandifunse chifukwa. Ndinafinya mandimu m'mawa wonse mpaka zala zinachita makwinya. Madamu anatchula tsikulo kuti masiku a chilimwe, ndipo anakongoletsa pabalaza ndi maluwa ndi zipewa zaudzu. Chilimwe chenicheni chinali panja, chikusungunula phula. M'nyumbamo eyakoni anamutsegula mpaka azimayi anafika ndi madiresi opanda manja n'kupempha zofunda.

Ndinalowa ndi jagi. Chidole chija chinali pakati pa balaza, ndipo diresi lidakali pomwepo. Koma china chake chinali chitasintha, ndipo ndinayamba ndathira matambula angapo ndisanadziwe kuti n'chiyani. Linali lafupika. Kansalu ka buluu kaja kunalibe. M'munsimo munangotsala mzere wa timabowo ta singano, ndi chikasu chowala pang'ono pamene dzuwa la ku Thyolo silinafikepo. Madamu ankafotokozera mayi wina kuti winawake analiwonjezera chigamba, koma mwamwayi chachoka osawononga kanthu.

Ndinapitiriza kuthira. Ntchito ya jagi ili ndi ubwino umodzi, palibe amene amayang'ana nkhope ya wothira.

Analigula mayi wina wamtali, wa mapewa ofiira ndi dzuwa. Anakalivala kuchipinda n'kutuluka opanda nsapato, akuzungulira kuti anzake aone kumbuyo. Mawondo onse awiri anali panja, ndipo palibe amene anaitana apolisi. Ndinene zoona, linamukhala. Linasokeredwa anthu otero, ndipo linkaoneka ngati munthu amene wabwerera kwawo atakhalitsa kunja. Anabwera pamene ndinaima, ndipo ndinamufunsa ngati ndimuwonjezere. Anati thenkyu, n'kutambasula tambula. Pamenepo ndinaphunzira Chingerezi chimene kusukulu sanandiphunzitse. Ndinamuthirira. Analawa n'kunena kuti shuga ali bwinobwino.

Analikulunga m'pepala loyera, analiika m'thumba la zingwe, ndipo linatuluka pageti m'galimoto yaikulu. Madamu sanandibere, zimene analonjeza anachita. Anandigwiranso paphewa n'kunena kuti agogo anga akanasangalala. Mwina akanasangalala. Anabanda sankanena zinthu zotero, ndiye sindingadziwe.

Alendo atapita ndinatuluka kuseri, dzuwa lidakali lamphamvu, n'kutsegula bini. Munali makoko a mandimu, timapepala topukutira pakamwa ndi maluwa othyoka. Ndinavundukula mpaka pansi. Mphaka uja anabwera kudzandithandiza, koma nayenso sanapeze kanthu. Ndinabwerera kukhitchini n'kuyamba kutsuka jagi. Ndinaitsuka nthawi yaitali. Inali itayera kale.

Esinati analowa ndi thireyi ya matambula n'kuiika pambali panga. Ndinalankhula ndikuyang'ana m'sinki.

"Ndimayesa muwauza."

"Kuwauza chani?"

"Za diresi."

"Si munakana imwe?"

"Sindinakane."

"Munati zikomo. Munagwira na manja."

"Eya."

Firiji inalira. Esinati anayang'ana kudenga ngati akuwerenga chinachake chimene chinalembedwa kumeneko, kenako ananena kuti sabata yonse ankandikwiyira, poganiza kuti ndine mwamuna wonyada amene safuna kuthandizidwa ndi mkazi, ndipo madzi a mandimu aja ankayesa kuti ndikupepesa. Anati ngati iye, wa chilankhulo chimodzi ndi ine, sanandimve, Madamu wosauka akanandimva bwanji. Sanaseke. Amayi anu akafuna kuseka kwambiri saseka, mumawadziwa.

Kenako anapisa dzanja m'thumba la epuloni. Anati m'mawa Madamu anamupatsa sizasi kuti achotse chigambacho n'kuchitaya. Iye sizasi anaiika pambali, anatenga phini, n'kumasula msoko umodziumodzi, chifukwa amene anasoka pamenepo sanali telala, koma sankafuna kuti chidzachoke. Anati diresi linali la azungu, lapita kwa azungu. Anatulutsa kansalu ka buluu kaja, atakasita, atakapinda bwino, ulusi wakuda uja ataukulunga pamwamba pake, udakali wokhotakhota.

Anakatambasulira kwa ine.

"Karibu."

"Zikomo."

Sanakasiye. Anakagwira chomwecho pakati pathu.

"Zikomo wake uti, a Nyasalande?"

Ndinapukuta manja pathalauza, n'kuwatambasula onse awiri. Anakaika m'manja mwanga, ananyamula thireyi yopanda kanthu, n'kutuluka.